Nyumba Yamalata Yopuma Fodya

Uthenga unandipeza padoko, manja ali noninoni ndi mafuta a nsomba. Ndinali kutembenuza nsomba za pende pawaya wa ng'anjo yanga, misozi ya utsi ikuyenderera monga mwa masiku onse, pamene kafoni kanayamba kulira pamfundo ya chitenje. Ndinapukuta dzanja pantchafu ndi kukaika kukhutu. Anali mwana wanga wamkazi, namwino wa ku Lusaka. Moni sanandipatse.

"Amama, zimitsani motowo. Ndakugulirani nyumba pa Boma."

Ndinafunsa kuti nyumba ya yani, iye anati yanu. Ndinafunsa kuti yofolera ndi chiyani, anati malata. Njerwa zowotcha, simenti pansi, chipinda changa, chipinda cha alendo, ndiponso siling'i, mabolodi aja amakhoma kunsi kwa malata kuti dzuwa la kuno lisakuphike uli moyo. Pa siling'ipo anabwerezapo, mawu ake akunyada. Anati mwini nyumbayo anamwalira, ana ake ali ku Chipata, ndipo anamutumizira zithunzi pafoni. Chipinda ndi chipinda anachiona, palibe mng'alu, palibe podontha.

Nsomba zinapserera tsiku limenelo, ndipo sindinazilire. Ndinavina kuchokera pomwe Luangwa amathira madzi ake mu Zambezi mpaka kumsika, patapata imodzi kuphazi, ina m'manja. Nyimbo inkangodzibwerera pakamwa: wandichotsa mu utsi mwana wanga, ee wandichotsa mu utsi, ndikagona pasimenti, ndikadzuka pasimenti, mvula ikaimba pamalata ine ndikaiyankha. Opalasa mabwato a kutsidya ku Zumbo anaika nkhafi pansi ndi kundiombera m'manja. Lasabata ndinaimirira m'tchalitchi ndi kuiimbanso, amayi onse akuvomera. Ngakhale mbuzi za pamsika zinadziwa kuti ndaguliridwa nyumba.

Mwana wanga anali ndi zifukwa zake. Ine ndinayamba kuwamba nsomba mabere asanamere, ndipo utsi unali utandidya m'kati. Chifuwa chinkalira ngati kamwana ka mphaka, ndipo kuchipatala anandiuza kuti ndisiyane ndi ng'anjo. Chifukwa china chinali m'mimba mwa mdzukulu wanga, mwana woyamba wa namwinoyo, amene anakwatiwa ku Kavalamanja. Inali mimba yake yoyamba, ndipo mvula ikayamba msewu wa kumeneko suthamangika. Tinapangana kuti adzadikirire kwa ine, pafupi ndi chipatala, ndipo akadzachira adzalowe chikuta m'chipinda cha alendo. Kwathu kuno khanda silionetsedwa kunja mpaka mchombo utagwa. Mayi ndi mwana amakhala m'kati, chitseko chotseka, mphepo isawapeze, maso a anthu asawapeze. Ndinkati ndikaganiza kuti mwana wa mdzukulu wanga mpweya wake woyamba adzaukokera m'nyumba yanga ya malata, mapazi ankayamba okha.

Pokondwa ndinagawa zonse ndisanaone ndi m'kati momwe. Kanyumba kanga ka udzu ndinapatsa mlamu wanga wamasiye, amene ankapanikizana ndi adzukulu ake kwa eni. Ng'anjo ndi mawaya ake ndinapatsa sabwira wanga. Sabwira ndi mnzako uja ali ndi ufulu wokutukwana pagulu, chifukwa tsiku lomwalira iwe ndiye adzakusambitsa. Wanga ndi mayi wachikunda, wamfupi, wa pakamwa ngati lumo, tinakulira limodzi padoko.

Nyumbayo kunja kwake ndinkaidziwa, ndi eni ake omwe. Anali bambo a kum'mawa, anabwera kudzagwira ntchito ya boma ali anyamata, napumira konkuno. Ankagula nsomba za mcheni kwa ine, ndudu ili pakamwa, osaichotsa ngakhale popereka moni. Sindinaganizepo kanthu. Utsi umene ndinkaudziwa ine ndi woyenda: umakwera, umapyola udzu wa denga, umapita kwawo. Sindinkadziwa kuti ulipo utsi wina womanga maziko.

Makiyi anali kwa mkazi wa aphunzitsi a nyumba yoyandikana nayo. Tinapita m'mawa ndi sabwira, ine nditavala chitenje chatsopano, katundu ali pawilibala. Ndinapotoza kiyi ndikuimba. Chitseko chitatseguka, nyimbo inabwerera kukhosi.

Silinali fungo longokupatsa moni pamphuno ayi. Linatikankha pachifuwa. Fodya wakale, wozizira, wowawasa, ngati munthu watola zotsalira za ndudu za pa Boma ponse ndi kuzinyika m'madzi. Makoma amene pafoni ankaoneka ngati apakidwa penti wachikasu sanali a penti: pomwe pankapachikidwa zithunzi panatsala timabwalo toyera, tosonyeza khungu lenileni la nyumbayo. Ndinagunda khoma ndi chala, chala chinamata. Siling'i ija, kunyada kwa mwana wanga, inali ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo pakona pamene pankakhala mpando wa malemuwo inali bii ngati kunsi kwa chiwaya.

Sabwira anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine.

"Wakugulira ng'anjo yaikulu mwana wako. Manje nsomba ndiwe."

Ndinathamangira kumawindo kuti nditsegule. Sanagwedezeke. Mkazi wa aphunzitsi, ataima pakhomo mpango uli pamphuno, anatiuza kuti akuba analowerapo pawindo kalekale, akazi a bambo aja atangomwalira, ndipo bambowo anaitana wowotcherera zitsulo kuti amate mawindo onse, asadzatsegukenso. Kuyambira pamenepo ankakhala m'kati ndi wailesi yawo, ndudu iyi ikuyatsa inzake, chilimwe ndi dzinja, mpaka tsiku limene anawanyamula. Anati ana awo pobwera kudzajambula zithunzi anangolowa ndi kutuluka.

Masana omwewo foni inalira. Mwana wanga anali atangoweruka, ndinamva kutopa m'mawu mwake. Ndinakumbukira nsapato zotha zimene anabwera nazo pa Khirisimasi, ndi mmene ankakanira kugula zina. Tsopano ndinadziwa kumene ndalama za nsapatozo zinapita. Anafunsa ngati ndalowa, anafunsa ngati ndaiona siling'i. Ndinati ndaiona, mwananga. Anafunsa kuti ili bwanji nyumbayo. Ndinati ndi yolimba. Ndipo inalidi yolimba. Pakamwa pamene panavinitsa doko lonse sipakanatha kutembenuka tsiku lomwelo.

Ndinayesa kugonamo, ndisanamizire. Ndinati mphuno imazolowera, yanga inazolowera ng'anjo. M'mawa ndinadzuka mutu uli ngati wamangidwa ndi chingwe cha bwato, lilime lili lowawa, kamphaka ka m'chifuwa kataitana anzake. Shuga amene ndinamusiya patebulo anali atalawa fodya, tiyi anamveka fodya, ndipo madzi a mumtsuko, madzi a Zambezi amene ndawamwa chibadwire, anandiyankha ndi kakomedwe kachilendo.

Tinayamba ndi sopo. Tinakwecha makoma ndi masaka, madzi akutsika ofiirira, ndowa ndi ndowa, mpaka zala zinatuwa. Kutauma, fungo linali pomwepo, litangosamba.

Ndiye tinachita zimene ife a padoko timadziwa. Kwa ife utsi ndi mankhwala. Nsomba ikafuna kuyamba fungo umaibweza pamoto, udzudzu ukachuluka umafukiza, mbewu yosungira umaipachika pautsi. Sabwira anati fungo ili likufuna utsi wina wamphamvu kuposa, woti ulithamangitse. Tinatola ndowe zouma za njovu kunjira ya kumadimba, tinathyola mpungabwi ndi masamba a mandimu, tinayatsa m'maphale chipinda chilichonse, ndi kutseka chitseko kuti zikaonane bwino m'katimo. Tinakhala pansi pa mtengo wa masau kuseri kwa nyumba, tikudziyamikira. Potsegula tinapeza kuti sanamenyane ayi, anakwatirana. Nyumba inanunkha fodya ndi njovu pamodzi, ndipo ine ndinatsokomola mpaka kugwada pansi. Sabwira anandisisita pamsana akuti ndisafe msanga, sopo wondisambitsira wathera pamakoma.

Kenako laimu. Mlamu wanga anati laimu amabisa zonse. Tinapaka, makoma anayera mbee, mtima wanga unayamba kung'ung'udza kanyimbo. Koma unali mwezi uja wa kutentha, pamene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa ndipo mwala sungaugwire masana. Malata atatentha, nyumba inayamba kutuluka thukuta. Chikasu chinabowola laimu, poyamba timadontho, kenako mizere yotsika kuchokera ku siling'i mpaka pansi. Fungo linabwera nayo, lofunda tsopano. Ndinaima pakati pa chipinda changa, manja m'chiuno, ndi kuona nyumba yanga ikulira fodya.

Ndinasamukira pakhonde. Nyengo imeneyo aliyense kuno amagona panja, ndiye palibe anadabwa kuona mphasa yanga pamenepo. Koma masana ndinalibe kolowera. Kudoko sindikanapita, ng'anjo inali ya mwini, ndipo aliyense akanandifunsa kuti mkazi wa pasimenti ukufunanji kuno. Kukanyumba kanga kakale ndinapitako kamodzi, miyendo itangonditengera. Ndinapeza mlamu wanga atazira pansi, atapachika zovala za ana pachingwe changa, atakonza ndi malo obzala maungu kuseri. Anandiyalira mphasa ngati mlendo, anagwada, anandithokozanso, akuti chimwalirire amuna ake sanagonepo tulo totere. Ndinayang'ana denga langa la udzu, lakuda, lopitisa mphepo, ndipo ndinatsanzika msanga.

Amayi a kutchalitchi ankabwera kudzaona nyumba imene anaiimbira, ine kuwayalira mphasa pansi pa masau ndi kunena kuti laimu sanaume. Laimu ameneyo anakana kuuma kwa nthawi yaitali. Ndinali ngati mlonda wa nyumba ya munthu wina, kiyi pamfundo ya chitenje, maso kumsewu. Ine amene ndimaimba posesa, ndimaimba potunga, ndimaimba ndi pokangana pomwe, ndinayamba kusesa khonde mwakachetechete. Mkazi wa aphunzitsi anandifunsa tsiku lina ngati ndikudwala, pakuti anamva kuti akulandira mnansi wa phokoso, koma wangolandira tsache.

Kunabweranso wogula, bambo wina wonyamula nsomba zouma kupita nazo m'matauni. Anamva kuti ndimagona pakhonde, mphuno yake inamuuza zotsalazo. Anati nyumbayi si ya munthu, ndi ya mitolo ya nsomba, zimenezo sizidandaula. Ndimugulitse, ndikamange ina ya udzu kumene ndikufuna. Mtima wanga unaimirira kufuna kumutsata, sindibisa. Koma ndikanagulitsa bwanji nsapato za mwana wanga, ndipo ndikanamuuza kuti chiyani. Ndinamuyankha bamboyo kuti nyumbayi ndi ya munthu, munthu wake ndine. Atapita ndinakhala pakhonde pompaja, msana utatsamira chitseko chotseka, fungo likundipeza kudzera pansi pake.

Ngakhale zovala zinandinamizira. Bulauzi yanga yoyera ya kutchalitchi ndinkaisunga m'kati poopa fumbi. Lasabata lina mayi amene timakhala benchi imodzi anasendera pang'ono, kenako anasenderanso. Potuluka ndinamva kunong'onezana kuti ambuya aja malata awalowa m'mutu, ayamba kukoka fodya. Ine, amene ndi fodya wa pamphuno yemwe sindinamulawepo. Ndinafuna kuseka, chifuwa chinakana.

Foni inkalira madzulo aliwonse. Mukugona bwanji m'nyumba mwanu, Amama. Ndinkayankha za kutentha, za njovu zimene zadya madimba, za mvula imene ikuchedwa. Chifuwa chikafuna kundigwira ndinkatseka kafoni ndi chikhatho.

Mdzukulu wanga anabwera pa boti, mimba ili patsogolo, mwamuna wake atamunyamulira chikwama. Ndinamuvinira pabwalo, pakuti zimenezo sizilephereka. Anafuna kuona chipinda chake. Ndinamutsegulira. Analowa, anaima pang'ono, anatuluka mofulumira ndi kuzungulira kuseri, ndipo ndinamumva akusanza patsinde la masau. Mphuno ya mayi wapakati imamva ndi za kutsidya zomwe. Atabwerako anatsuka m'kamwa, anati boti lamuzunguza mutu. Ndinati inde, boti limatero. Mwamuna wake atabwerera kwawo, anayala mphasa yake pafupi ndi yanga, ndipo alonda tinakhala awiri.

Katundu wa mwana anabwera pa basi ya ku Lusaka: beseni, matewera, tizipewa, ndi shawelo yoyera, yofewa ngati nthenga za pachifuwa cha njiwa. Mwana wanga analamula kuti zonse tiike m'kabati ya pakhoma m'chipinda cha chikuta, fumbi lisazigwire. Tinaika. Kumapiri a ku Mozambiki mitambo inayamba kuunjikana dzuwa likamapendeka, mphepo ikununkhira dothi lonyowa. Mvula ikagwa pakhonde sipakhalika. Ndipo khanda, kaya mvula kaya dzuwa, pakhonde silingagone. Malo ake ndi m'kati, chitseko chotseka, m'chipinda cha mawindo omata.

M'mawa wina mdzukulu wanga anatulutsa shawelo kuti aione padzuwa. Anaiika pamphuno, anaichotsa, anandipatsa. Inali itamwa kale fungo lija. Kansalu kosavalidwapo ndi munthu, kakununkha ngati jekete la mdala wa kumowa.

"Ambuya, ine ndingapirire," anatero, dzanja lili pamimba. "Nanga uyu adzapuma chiyani?"

Ndinati awauze amayi ake. Anati iye sangathe, adzaoneka ngati mwana wonyoza thukuta la amake, ndipo nyumba si yake. Ndinene ndine, ndine ndinawabereka. Ndinati ine ndinaimba kale pamaso pa anthu. Shawelo inali pakati pathu, nkhunda zikuyenda pamalata. Ndinayesa kuyala mawu m'mutu, koma onse amene ndinkawapeza ankamveka ngati ndikumubwezera mphatso yake. Ndiponso fungo ungalifotokoze bwanji pafoni kwa munthu amene anaona zithunzi ndi maso ake. Akanati ndi kafungo chabe ka nyumba yotsekedwa, siyani chitseko chotsegula, katha.

Sabwira anatipeza tili choncho, atatibweretsera mlamba wowamba. Atamva, anandiyang'ana ngati ndinafika dzulo padoko. Anandifunsa kuti chiyambire kugula nsomba kwa asodzi, ndi liti ndinakanganapo ndi munthu amene akulimbikira kuti nsomba yake yogona ndi ya lero.

"Sukamba, nkhalamba iwe. Umamuika pamphuno, iwe ndi kuyang'ana kumbali."

Ndinapinda shawelo ija bwinobwino. Ndinaiika m'pulasitiki ndi kumanga, pulasitiki ina pamwamba ndi kumanganso, kuti fungo lisatsikire m'njira. Kondakita wa basi amene ankandinyamulira nsomba za mwana wanga anadabwa ndi kupepuka kwa phukusi, anafunsa ngati Zambezi wauma. Nsomba sindinaikemo ngakhale imodzi, kuopa kuti mlandu ungagwere nsomba. Uthenga ndinamupatsa umodzi: mwana wanga akatsegule ali yekha, m'nyumba.

Basi itanyamuka ndinabwerera pakhonde. Kafoni ndinakaika pamphasa patsogolo panga, ndikukayang'ana ngati njoka. Kanalira mawa lake masana.

"Amama, ndani akukoka fodya m'nyumba mwanu?"

"Makoma, mwananga."

Ndiye ndinamuuza zonse, za mawindo omata, za sopo, za laimu, ndi za njovu zomwe. Pa njovupo sanaseke. Anafunsa kuti nanga masiku onsewa ndakhala ndikugona kuti, ndinati pakhonde. Anafunsa za mwana wake, ndinati pakhonde pomwepo. Ndinamumva akupuma movutika, kenako analira monga ankalirira ali wamng'ono, mopanda mawu. Anati ankafuna kundichotsa mu utsi, wandilowetsa mu utsi. Ndinamuuza kuti nyumbayo ndi yanga, sindikubweza ngakhale abwere ndi apolisi, ndabweza shawelo chabe. Ndinamuimbira pang'ono nyimbo ija ya padoko, chifuwa chikundidula pakati, mpaka anati basi Amama, mukutsokomola.

Anafika ndi basi ya kumapeto kwa sabata, shawelo ili m'chikwama, ataichapa ndi kuichapanso. Analowa m'nyumba yekha. Tinamuonera pakhomo ataima pakati pa chipinda, mutu uli chagada, akuyang'ana siling'i yake. Anakhalitsa. Potuluka anati igwetsedwe yonse, ndipo makoma apalidwe mpaka njerwa zioneke. Ndinati siling'i yokha tiisiye, podziwa mmene ankaikondera. Anapukusa mutu, nati fodya wagona m'menemo, Amama, sangatuluke ndi sopo.

Wowotcherera zitsulo anabwera ndi makina ake odulira, mwana wa yemwe uja anamata mawindowo, naye tsopano wa imvi. Windo loyamba litatseguka, mphepo ya kumtsinje inalowa mwamanyazi ngati mlendo wosaitanidwa, inagwedeza kangaude wa pakona, inatulukira kukhomo. Ndinaiombera m'manja. Mabolodi anagwa limodzilimodzi, akuda, omata, ndipo tinakawataya kutali, osawawotcha. Amayi a kutchalitchi anadzionera okha chimene chinkaletsa laimu kuuma. Anaseka mpaka kugwirana, mayi wa pabenchi uja anandipepesa, ndipo m'mawa mwake anabwera onse ndi timakasu takutha kudzapala makoma.

Ntchito ili pakati, fumbi lili koboo, mdzukulu wanga anagwira msana, nthawi yake itakwana. Anachira bwino kuchipatala, mwana wamkazi, tsitsi lodzaza mutu. Ndinaimba nthungululu pakhonde la chipatala mpaka anandikumbutsa kuti muli odwala. Koma anayenera kutuluka, ndipo funso lija linali likadali pomwepo: alowa kuti.

Sabwira ndi bambo wa khandalo sanadikire kuti tiganize. Anapita kumtsinje kukadula bango, anazika mitengo pansi pa masau, anafolera udzu wochindikala, sabwira anazira pansi ndi dothi la pachulu. Pofika ife kuchokera kuchipatala, kuseri kwa nyumba yanga ya malata kunali kamsasa, kakang'ono kuposa kanyumba kamene ndinakasiya. Sabwira anaima pakhomo pake matope ali m'manja, nati takulandirani kwanu, mkazi wa pasimenti.

Tinalowa chikuta m'menemo, ine, mwana wanga, mdzukulu wanga ndi khanda. Potembenuka mmodzi, onse tinkatembenuka. Mwa mwambo m'chikuta mumakhala moto wofunditsa mayi ndi mwana. Mwana wanga anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana, ndipo moto sunalowe. Madzi otentha ankachokera kwa mkazi wa aphunzitsi, m'ndowa yovindikira. Amayi achikulire anang'ung'udza kuti chikuta chopanda moto sanachionepo, ndinati ndiye mwachiona. Mvula yoyamba inatipeza momwemo. Inaimba pamalata a nyumba yopanda munthu, ife tikuimvera chapatali, udzu ukudontha pakona imodzi, beseni la mwana likulandira. Ndinkaika khutu pafupi ndi kamphuno kake. Kankapuma fuu, fuu, mosalala, mopanda kamphaka m'kati.

Nyumbayo ndimakhalamo tsopano. Makoma anawamata pulasitala watsopano ndi kupaka penti, mawindo amakhala yasa usana wonse. Siling'i palibe, ndiye masana malata amandiphika ndithu, ndimathawira ku kamsasa kaja, kamene sindinalole kuti akagwetse. Dzuwa likakwiya kwambiri, pakona ya mpando paja pamatulukabe kampweya, ndipo ndimangoti mwaswera bwanji bambo, ndi kupita panja. Khandalo linalowamo koyamba litayamba kukhala pansi, amake atanunkhiza chipinda chilichonse.

Koma tsiku limene ndimaliimba ndi lija mchombo unagwa. Tinasesa bwalo m'mawa, tinamusambitsa, tinamumeta tsitsi la m'mimba, tinamukulunga m'shawelo ija, yonunkhira sopo ndi dzuwa, ndipo ndine ndinawerama pakakhomo ka bango ndi kumutulutsa. Bwalo linali litadzaza.

Anabwera sabwira wanga, akuti mwanayu pakamwa wafanana ndi mlamba. Anabwera mlamu wanga ndi adzukulu ake onse, nkhuku yoyera ili m'khwapa. Anabwera apongozi a ku Kavalamanja pa bwato, ambuya ake a kuchimuna ndi azakhali ake, atasenza nthochi za kudimba. Anabwera mkazi wa aphunzitsi ndi ndowa yake ija, aphunzitsi omwe ali pambuyo. Anabwera amayi a kutchalitchi, mayi wa pabenchi patsogolo, nakhala pafupi nane mpaka kugundana mapewa. Anabwera anamwino amene anamulandira, akadali m'mayunifomu, anabwera wowotcherera zitsulo, anabwera amisiri a pulasitala manja ali mbuu. Anabwera anzanga a pang'anjo, atasamba ndi kusintha zovala kuti asabweretse utsi, anabwera opalasa mabwato a ku Zumbo, anabwera mayi wa ku Mburuma wogulitsa makala, makalawo atawasiya kumsewu. Ndipo pomalizira penipeni, basi ataisiya ikulira pamsika, anabwera kondakita uja, kudzaona mwini wake wa phukusi lopepuka.